Mmene Ndinatsalira Ndekha M'wodi ya Amayi

Tiyamike ndi iwe Limbani, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindinapitire ku Mangalande pamene anzanga ankapita. Pafoni sinditha kuyankha bwino, chifukwa nkhani ikangoyamba kukoma mawu amaduka. Ndiye ndagula kope ili ku Ntcheu boma kuti ndizilemba pang'onopang'ono, maso akamalola. Za ubwana wanga kuno ku Mlangeni mukuzidziwa kale. Ndiyambira pa ntchito.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba pachipatala china cha mishoni, boma linanditumiza ku kachipatala ka kumapiri m'boma lathu lomwe lino. Dzina lake sinditchula, amene ankachirira kumeneko akukadziwa. Ndinapita limodzi ndi Rozina, mnzanga wa m'kalasi, mwana wa kuchigwa kumene amalima mpunga. Tinakwera lole yokatenga mbatata ya kachewere, ndipo tinafika titatuwa ndi fumbi. Rozina sanazolowere kuzizira kwa kumapiri. Sabata yoyamba ankavala majuzi awiri pansi pa yunifolomu, n'kumandiuza kuti, "Iwe Esinati, anthu a kwanu kuno analakwa chiyani kwa Mulungu?" Anali munthu woseketsa, woti ngakhale mayi amene akubuula ndi ululu ankapezeka waseka.

Bwana wathu anali a Sisitala Ndau, mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku loyamba sanatifunse za masatifiketi. Anangoti, "Tambasulani manja." Anayang'ana zikhadabo zathu, natipatsa lumo. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kumva kagonedwe ka mwana m'mimba ndi zala zokha, komanso kudziwa pankhope ya mayi kuti magazi akumuthera iye asananene. Zipangizo zinali zochepa. Magolovesi tinkachapa ndi kuwayanika pachingwe kuseri kwa wodi, majakisoni tinkawiritsa m'poto. Koma anthu tinalipo. Patapita chaka kunabwera Getu, wa ku Champiti, ndipo tinakwana anayi m'wodi ya amayi. Wina akadwala kapena akapita kumaliro, chitseko cha wodi sichinkatsekedwa. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, a Fanuwelo, amene ankaphunzitsa pasukulu yoyandikana nafe. Anabwera ndi bala la khasu kuphazi, ndipo bala litapola anapitirizabe kubwera.

Nthawi ya othawa nkhondo

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anakhamukira kuno. Malire athu ndi msewu chabe, ndiye ankangodumpha, ana kumsana, mphika pamutu. Ambiri ankalankhula ngati ife ndipo ena anali abale athu enieni. Mfuti zimene zinawathamangitsa sizinapangidwe kwawoko, zimenezo ngakhale ife osatsata zandale tinkadziwa. Ndinachiritsa amayi amene anayenda masiku atatu ali ndi pakati potopa. Ndinasoka mnyamata wina amene anadulidwa khutu, ndipo nthawi yonse imene ndinkasoka sanalire, amangoyang'ana kudenga.

Pambuyo pa othawa nkhondowo panabwera azungu a mabungwe ndi magalimoto oyera. Sindinganame, anatithandiza. Kwa zaka zingapo tinali ndi mankhwala okwanira, magolovesi ovala kamodzi n'kutaya, ndi firiji yaikulu yosungiramo katemera. Nkhondo itatha anthu anabwerera kwawo, ndipo azunguwo anayamba kulongedza. Tsiku limene ananyamula firiji ndinalimba mtima n'kufunsa mayi wina wachizungu amene tinagwira naye ntchito zaka zitatu, amene ankadya kunyumba kwathu ndipo iwe Tiyamike ankakubereka kumsana. Ndinati, "Firiji iyi simutisiyira? Ana a kuno nawonso amabayitsa katemera." Anandigwira dzanja, misozi ili m'maso, nati, "Esinati, si ine wolamula. Ntchito yathu kuno yatha, katunduyu akufunika kudziko lina kumene kwabuka nkhondo." Pakona pamene panali firijiyo panatsala chizindikiro pasimenti, ndipo tinayambanso kuchapa magolovesi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

A Sisitala Ndau anapuma pantchito, ndipo tinadikira wolowa m'malo mwawo. Sanabwere. Ndinafunsa a Kamwendo, amene ankaona odwala kumbali ya amuna ndi ana komanso kuyang'anira chipatala chonse. Iwo ankakonda kumvera wailesi. Anandiuza kuti, "Amayi, musadikire munthu. Akunja amene amakongoza boma lathu anena kuti antchito a boma tachuluka. Wopuma sakulowedwa m'malo." Ndinayang'ana mzere wa amayi a sikelo umene unafika mpaka pamtengo wa mbawa, ndipo ndinadabwa kuti owerenga antchitowo anawerengera kuti.

Nthawi yomweyo matenda a Edzi anali atalowa m'nyumba iliyonse. Tinkamva kuti kunja kuli mankhwala otalikitsa moyo, koma mtengo wake unali woti ife tizingoumvera pawailesi. Getu anayamba kuwonda. Anagwira ntchito mpaka pamene sankathanso kunyamula mwana wakhanda, ndipo tinakamuika ku Champiti mvula ikugwa. Chaka chotsatira anali bambo anu. Limbani, iwe unali wamng'ono, mwina ukungokumbukira kuti ankatsokomola. Ine namwino, amene ndinkadziwa dzina la mankhwala amene akanawathandiza, ndinkangowapatsa panado ndi phala. Pambuyo pa maliro awo ndinakayezetsa, ndipo anandipeza ndilibe. Sindinasangalale monga mmene mungaganizire. M'wodi tinatsala awiri, ine ndi Rozina.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Loweruka lina anamwino a m'boma lonse tinaitanidwa kuholo ina ya ku Ntcheu boma. Kunabwera bambo wina wa kwathu konkuno wovala suti, pamodzi ndi mayi wachizungu. Anatipatsa zakumwa zoziziritsa kukhosi natisonyeza zithunzi za zipatala za ku Mangalande, makama oyera ndi makina ambirimbiri. Anati kumeneko anamwino akusowa, ndipo ife a ku Malawi amatikonda chifukwa ndife aulemu, ophunzitsidwa bwino, odziwa Chingerezi. Anati zimene tingalandire mwezi umodzi kuno sitingazione ngakhale chaka chitatha. Tonse tinali ndi ana amasiye m'nyumba, athu ndi a abale athu.

Ndili pabenchipo ndinakumbukira agogo anu aamuna. Iwonso analembedwa motero kupita kumigodi ya ku Joni. Ankatiuza kuti anawavula malaya, kuwayeza pasikelo ndi kuwamvetsera m'chifuwa, ndipo ofooka anabwezedwa. Anabwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa chimene chinawapha ine ndili kusukulu ya unamwino. Ndinamunong'oneza Rozina kuti, "Kale ankadzatenga amuna, lero abwerera ife." Iye anati, "Bola ife sitikukalowa pansi pa nthaka." Tonse awiri tinalembetsa. Musaganize kuti mayi wanu anali woyera mtima kuposa ena. Ndinkafuna kupita.

Makalata a Rozina anatuluka msanga. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu waukulu. Tikudikira basi anayesa kundiseketsa, akuti kumeneko akavala majuzi asanu. Basi itaonekera anasiya kuseka, nati, "Iwe Esinati, usachedwe. Sinditha kukhala ndekha pakati pa azungu." Ndinati, "Pita ukandikonzere pogona, ndikubwera." Ndinabwerera kuchipatala wapansi, ndipo ndinapeza amayi atatu akundidikira pakhonde.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinagwira ndekha. Wondithandiza anali a Nangondo, mayi wachikulire amene ntchito yake inali kukolopa ndi kuchapa, koma chifukwa cha kusowa kwa anthu ankandigwirirako mwana ndikamasamalira mayi. Mayeso a Chingerezi ndinakhoza. Chimene chinatsala chinali kukajambulitsa m'chifuwa ku Lilongwe, kuti a kumeneko atsimikize kuti sindikuwapititsira chifuwa chachikulu. Anandipatsa tsiku Lachitatu. Ndinapempha ku boma kuti atumize namwino wa tsiku limodzi lokha, koma anandiyankha kuti nawonso atsala ochepa. M'mawa wa tsikulo ndinayendera amayi awiri amene anali kuchidikiro, ndinaona kuti nthawi yawo inali isanakwane, ndipo ndinauza a Nangondo kuti ndibwera dzuwa lisanalowe. A Kamwendo anali atapita kukatenga mankhwala.

Ku Lilongwe zinayenda bwino. Dokotala anakweza chithunzi changa pawindo nati chifuwa changa n'choyera ngati cha mtsikana. Ndinagula buledi ndi shuga, ndipo m'minibasi ndinkaimba chamumtima. Nditafika pachipatala cha m'ma folo koloko ndinaona ngolo pakhomo, ng'ombe zitamasulidwa, ndi amayi atakhala pansi. A Nangondo anabwera kudzandichingamira, chitenje chawo chili magazi okhaokha. Anati, "Anamwino, ndi Aginesi, mwana wa a Nachisale. Anabwera cha m'ma teni. Mwana ndinamulandira ine, ali moyo. Koma magazi sanasiye. Ndinayesa kusisita mimba monga mumachitira muja. Jakisoni uja ndinamuona m'kabati, koma sindidziwa kubaya. Tinamukweza pangolo kuti tithamangire kumsewu, watisiya tisanaoloke mtsinje."

Aginesi ndinkamudziwa. Tsiku limene anabadwa ndinamulandira ndi manja angawa, chaka changa chachiwiri pantchito, a Sisitala Ndau ataima kumbuyo kwanga. Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo iyi inali mimba yake yoyamba. Matenda anamuyamba milungu itatu nthawi isanakwane, n'chifukwa chake sanali kuchidikiro. Chimene ankafuna chinali jakisoni mmodzi ndi diripi, ntchito ya mphindi zochepa. Palibe anandinena. Mayi ake anangondiyang'ana nati, "Munachokapo, anamwino?" Ndinati, "Ndinachokapo, amayi." Iwo anati, "Ndi tsiku lake linakwana." Ndikanakonda akananditukwana. Buledi uja ndinali ndidakamugwira m'manja.

Kalata yondiitana ku Mangalande inafika patapita milungu iwiri. Ndinafunika kukapereka kalata yosiya ntchito ku boma Lachisanu. Ndinailemba ndithu, n'kupita nayo kwa a Kamwendo kuti asayine. Anaiwerenga, natenga cholembera. Ndinawafunsa kuti, "Ndikapita abweretsa ndani?" Iwo anati, "Mukufuna ndikunamizeni? Palibe. Wodiyo titseka, amayi azipita ku boma." Ndinati, "Pangolo?" Anati, "Pangolo. Koma amayi, inu muli ndi ana opanda bambo. Dziko lino simunaliwononge ndinu, ndipo simungalikonze nokha. Ine ndikanakhala ndi mwayi umenewu bwenzi nditapita kale." Ndinawauza kuti ayambe adikira kusayina. Ndinatuluka n'kukaima pakhomo pa wodi. Linali tsiku la sikelo ya ana, ndipo a Nachisale anali pamzere ndi kakhanda ka Aginesi, atabwera kudzatenga mkaka. Ndinabwerera kwa a Kamwendo, ndinatenga kalata ija n'kuiika m'thumba. Sindinaipereke Lachisanu limenelo, kapena lina lililonse.

Limbani, ndikudziwa kuti unandikwiyira. Unali utauza kale anzako kuti mayi ako akupita kunja. Chaka chotsatira ndinakuchotsa kusukulu yogonera komweko ija, chifukwa sindikanakwanitsa nonse awiri. Ndikukumbukira mawu ako: "Amayi, mwasankha ana a anthu ena." Ndinakumenya mbama, ndipo ndikupepesa. Unanena zoona. Lero uli ku Joni kumanga nyumba za eni, pamene ana a Rozina anafika ku yunivesite. Sindinganene kuti ndinasankha bwino. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanakhala ku Mangalande ndikumva ngolo ija m'makutu mwanga.

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

Ndinakhala ndekha m'wodimo zaka zinanso zinayi asananditumizire mnzanga. Obwerawo anali atsikana abwino, koma wina akangozolowera ntchito ankapeza malo ku bungwe kapena kunja. Ndinaphunzitsa ambiri kumva mwana ndi zala, ndipo ambiri a iwo lero akusamalira odwala a maiko ena. Maukwati ndi maliro a abale anga ambiri sindinapiteko, moti ena anayamba kunena kuti ndine wonyada. Anasiya kundiitana.

Rozina anabwera kamodzi kokha. Anali atanenepa, tsitsi litachita imvi, ndipo anandibweretsera juzi ndi nsapato. Tinakhala pakhonde masana onse tikusenda mtedza. Ndinamufunsa za makina aja a pazithunzi. Anaseka nati, "Makina ati? Uzamba wanga anati sukwanira kumeneko. Ndili kunyumba yosungirako okalamba. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwasintha matewera. Chichokereni kuno sindinagwirepo mwana wakhanda." Ndinati, "Nanga ana awo ali kuti?" Anati, "Amabwera pa Khirisimasi ndi maluwa. Gogo wina amandigwira dzanja tsiku lililonse n'kumanditchula dzina la mwana wake. Wina amakana kuti munthu wakuda amukhudze, koma akadziipitsira amaitana ine ndemwe." Kenako anati, "Ndinakukonzera pogona, iwe. Bedi lija linakhala chaka chathunthu." Ndinamufotokozera za Aginesi. Anangopitiriza kusenda. Ndinamufunsa kuti abwerera liti, ndipo anati mwana womaliza akangomaliza sukulu. Atamaliza panabwera ana a mchimwene wake oti awalipirire sukulu.

Tiyamike, iwe utasankha unamwino ndinanyadira, ngakhale ndinkadziwa kumene njirayo imathera. Tsiku limene unabwera kudzandiuza kuti makalata ako a ku Mangalande atuluka, unayamba ndi kundichapira zovala zonse, ngakhale zoyera. Kenako unati, "Amayi, mundiletsa?" Ndinati, "Wodi yako usiyira ndani?" Unati, "Amayi, ine sindikufuna kudzakalamba ngati inu." Mawu amenewo anandilasa, koma sindinakuletse, ndipo sindikukuimba mlandu. Ndinapuma pantchito patapita zaka zochepa. Anandipatsa chitenje ndi ndowa yapulasitiki, ndipo ndinabwerera kuno ku Mlangeni, m'nyumba imene iwe wandifolerera ndi malata. Nyumbayi ndi yabwino. Ili ndi zipinda zinayi, ine ndimagona chimodzi. Adzukulu anga ndimawaonera pafoni, ndipo ndikawalonjera m'Chichewa amayang'ana mayi awo kuti awamasulire.

Chaka cha mliri wa korona

Rozina anali asanabwerebe. Mliri utalowa m'nyumba ya okalamba ija, iye anapitiriza kuwasamalira, ndipo unamutenga pamodzi nawo. Mtembo sukanatha kubwera. Iwe Tiyamike unandiimbira kuti akamuika komweko, kuti alola anthu ochepa okha, ndipo iwe ukagwira foni kuti ndionere. Mbali imeneyi sindinakuuzepo, chifukwa iwe unkaona nkhope yanga yokha.

Tsikulo ndinavala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a kumpingo, monga timachitira pamaliro a mnzathu. M'nyumba muno foni siigwira bwino, ndiye ndinapita pachulu cha kumunda, m'mbali mwa njira ya kudambo. Kunali masana, dzuwa likuswa mtengo, koma pafonipo ndinaona kumwamba kwakuda ndi anthu ovala majekete ataima motalikirana, pakamwa atatseka. Ndinawawerenga, analipo asanu ndi atatu. Kuno kwathu maliro a Rozina akanatseka msewu, chifukwa theka la anthu a kumapiri kuja anabadwira m'manja mwake. M'busa wachizungu anawerenga mawu mwachidule. Panalibe woimba, akuti kuimba kunaletsedwa. Ndiye ine ndinayamba nyimbo ija timaimba potsitsa bokosi. Ndisanamalize ndime yoyamba chithunzi chinaima, kenako foni inada. Ndinayesa kuikweza m'mwamba, kutembenukira uku ndi uku, koma sinabwererenso.

Ndinaganiza kuti nyimbo ya maliro siisiyidwa panjira, ndiye ndinapitiriza ndekha, nditaima pachulupo. Mawu anga ndi okalamba. Ndili pa ndime yachiwiri ndinamva wina akundilandira kumbuyo. Anali mayi wina wochokera kudambo, mtolo wa ndiwo uli pamutu, munthu amene sindinkamudziwa. Anatula mtolo wake, anamanga bwino chitenje, naima pambali panga. Tinaimba ndime zonse zinayi mpaka kumapeto. Titamaliza anagwada pang'ono nati, "Pepani amayi. Maliro ali kuti?" Ndinamusonyeza foni yakudayo, n'kunena kuti, "Ali kutali, mwana wanga. Ndi mnzanga, anali mzamba." Iye anati, "Ndiye tikhale pansi pang'ono, sitingangobalalika." Tinakhala pansi pa chulupo, awiriwiri, mpaka pamene ndinaona kuti kumeneko amaliza kukwirira.